Wameza kapena zangomumatirira? Mmene timayezera kudya kwa ma macrophage pa flow cytometer

Amene anadutsapo m'tinjira ta m'mbali mwa minda ya tiyi kuno ku Thyolo mvula ikamatha amalidziwa khalidwe la chisoso. Umafika kunyumba miyendo ya thalauza itadzaza tinjere takuda tija, koma palibe anganene kuti thalauza yadya chisoso. Changomatirira basi. Ntchito yoyeza phagocytosis, kumeza kwa ma macrophage (maselo oteteza thupi), imavutira pomwepo. Makina a flow cytometer, owerenga maselo limodzilimodzi, amaona kuwala kokha. Selo likadutsa pa laser likuwala mobiriwira, iwo amalemba kuti lawala. Sadziwa ngati mkanda wowala umene tinalidyetsa uli m'mimba mwa selo kapena wangokakamira kunja. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito yanu, ndipo imayamba musanayatse n'komwe makinawo.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ulendo wanga woyamba ndinapeza kuti pafupifupi maselo onse awala, ndipo ndinathamangira ndi pepala kwa mayi wina amene anali wamkulu wathu pa labu. Anayang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga a pa ayisi ali kuti?" Ankanena maselo oyerekezera, oikidwa pozizira kuti asameze. Ndinalibe. "Ndiye simunayeze kanthu, mwangojambula mikanda." Ntchito ya sabata yonse inalowa m'madzi.

Kwa amene mukuyamba kumene, macrophage ndi mmodzi mwa asilikali a m'thupi. Amakhala m'mapapo, m'chiwindi, m'kapamba ndi malo ena ambiri, ndipo ma monocyte, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, amatha kusanduka iwo. Amameza mabakiteriya, maselo akufa, mwaye wa utsi, ngakhalenso maselo ofiira amene muli tizilombo ta malungo. Élie Metchnikoff ndiye anatchukitsa nkhaniyi: mu 1882 ali ku Messina anabaya kamwana ka starfish, kanyama ka m'nyanja yamchere, ndi munga, m'mawa mwake n'kupeza maselo ataunjirira mungawo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Iye ankawerenga ndi diso pa maikulosikopu. Ife tili ndi makina owerenga maselo masauzande pa mphindi imodzi.

Makinawo si achilendo kwenikweni kuno. Kuyambira pomwe ma ARV anayamba kuperekedwa ku Thyolo mu 2003 mothandizidwa ndi a Médecins Sans Frontières, anthu akhala akumva za makina a CD4, ndipo ambiri mwa makina amenewo ndi ma flow cytometer ndithu, kungoti ena anakonzedwa kuti azigwira ntchito imodzi yokha. Pa ntchito yathuyi mufunika okulolani kusintha zinthu nokha, okhala ndi laser ya 488 nm, ndipo akakhalanso ndi yofiira ndiye bwino kwambiri: FACSCalibur yakale ija imakwanira, Accuri C6 kapena CytoFLEX nazonso. Ndipo ntchitoyi ili ndi phindu looneka. Ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, gulu la a Kondwani Jambo ndi a Henry Mwandumba linasonyeza mu 2014 kuti HIV imakonda kulowa m'ma macrophage ang'onoang'ono a m'mapapo, ndipo kuti amenewa sameza bwino. Ophunzira a ku MUST ku Ndata amene mukufuna kulowa ntchito ya chitetezo cha m'thupi, luso ili lidzakuthandizani.

Yambani ndi odya

Njira zofala ndi ziwiri. Yophweka ndi THP-1, maselo a munthu amene anayamba kusungidwa ku Japan cha mu 1980 kuchokera kwa mwana wodwala khansa ya m'magazi. Amakula akuyandama mu RPMI 1640 (madzi olerera maselo) yothira FBS (seramu ya ng'ombe) ya 10%, pa madigiri 37 ndi CO2 ya 5%. Mukawathira mankhwala otchedwa PMA kwa tsiku limodzi mpaka atatu amakhala pansi, kumamatira ku mbale ndi kufanana ndi ma macrophage. Mlingo wa PMA ma labu amasiyana, ena 5 ng/mL, ena mpaka 100 ng/mL. Sankhani umodzi ndipo musamausinthesinthe. Kenako chotsani PMA, muike RPMI yatsopano, apume tsiku lathunthu asanadye.

Njira yachiwiri ndi ya magazi a munthu, ndipo ndi imene imayankha mafunso enieni okhudza odwala. Sungunulani magazi ndi PBS (madzi amchere otsukira maselo) mulingo wofanana, muwatsanulire pang'onopang'ono pamwamba pa Ficoll (madzi olekanitsira maselo a m'magazi), muzunguze pa centrifuge pa 400 g kwa mphindi 30, buleki itazimitsidwa. Mukaiwala buleki, mzere woyera wa ma PBMC, maselo oyera amene mukufunawo, umabalalika. Ficoll imafuna kutentha kwa madigiri 18 mpaka 20, choncho ngati mumaisunga m'firiji itulutseni msanga. Mu June chiperoni chikagwa, botolo limatha ola lathunthu pabenchi likadali lozizira. Tapani mzere woyerawo, tsukani kawiri, mupatule ma monocyte ndi mikanda ya maginito yogwira CD14 (chizindikiro cha pakhungu lawo) kapena powalola amatirire ku mbale kwa ola limodzi kapena awiri. Aleleni ndi M-CSF (yowasandutsa ma macrophage) ya 50 ng/mL kwa masiku 6 kapena 7, n'kuwonjezera chakudya chatsopano pakati pa sabata. Mililita imodzi ya magazi imapereka ma PBMC pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ma monocyte amakhala ngati gawo limodzi mwa magawo khumi. Werengeranitu musanatenge magazi ochepa.

Pa za magazi ndiimepo kaye. Musatenge dontho ngakhale limodzi popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, komanso cha mwini magaziyo atamvetsa bwino m'chinenero chake. Tonse tikukumbuka za mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi kuno, pomwe anthu anaphedwa. Munthu auzidwe kuti mutenga ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo otsala muwatani. Ndipo magazi onse agwireni ngati ali ndi HIV kapena hepatitis B: magolovesi, gauni, ndi kugwirira ntchito mu kabati yoteteza.

Sabata yolerayo ndi imene magetsi amatizunza. Akazima, musatsegule chitseko cha incubator kuti "ndingoona". Yang'anani mtundu wa RPMI magetsi akabwera: ikachoka pa kufiirira kwake n'kupita ku pepo, CO2 inathawa, ikakhala yachikasu ndi yambuu, mwalowa tizilombo, tayani. Maselo amene avutika chonchi amadya mwaulesi, ndipo mudzanamizira mankhwala kapena matenda pomwe wolakwa ndi jenereta.

Dzalani maselo 250,000 pa kadzenje kalikonse ka mbale ya timaenje 24, mu theka la mililita. Ngati mungapeze mbale zosakonzedwa kuti maselo azimatirira kwambiri, tengani zimenezo. Mudzandithokoza pa nthawi yowanyamula.

Chakudya chake

Apa ndi pamene muyenera kuganiza kwambiri, chifukwa chakudya chimene mwasankha ndi chimene chidzakuuzeni njira yosiyanitsira zam'kati ndi zakunja.

Mikanda ya latex yowala, yokula 1 mpaka 2 µm, ndi yosavuta kusunga ndipo imawala mofanana, moti pa chithunzi mumaona timapiri: selo lodya mkanda umodzi, lodya iwiri, lodya itatu. Yochepera 0.5 µm isiyeni, imalowa m'selo kudzera njira zina zimene si phagocytosis. Vuto lake ndi lakuti utoto wake uli m'kati mwa pulasitiki, ndiye trypan blue, utoto wozimitsira kuwala kwa zakunja, siitha kuuzimitsa bwino.

Mabakiteriya akufa monga E. coli, kapena zymosan yochokera ku khungu la yisiti, opakidwa utoto wowala mobiriwira wa FITC, ali pafupi ndi zimene macrophage amakumana nazo m'thupi, ndipo utoto wawo uli kunja pomwe trypan blue imaufikira. Dziwani chabe kuti FITC imachepa mphamvu pamalo a asidi, ndipo m'thumba limene selo limagayiramo chakudya pH imatsika kufika cha pa 5 kapena kucheperapo. Mukadikira maola ambiri, selo lokhuta limaoneka ngati ladya pang'ono. Alexa Fluor 488 ilibe vuto limeneli.

Palinso utoto wina, pHrodo, imene imachita mosemphana: kunja siwala kwenikweni, ikafika pa asidi ndi pomwe imayaka. Ndi yabwino zedi, koma ndi yodula, ndipo imafuna kuwerengedwa maselo akadali amoyo. Ngati makina ali kutali, iiwaleni.

Chilichonse chimene mwasankha, chitsukeni kawiri kapena katatu ndi PBS, chifukwa mabotolo ambiri amabwera ndi sodium azide yomwe imafooketsa maselo. Chigwedezeni pa vortex mpaka zibuma zithe, n'kuika dontho pa maikulosikopu kuti mutsimikize. Chibuma cha mikanda khumi chikamatirira pa selo limodzi chimanamiza makina koopsa.

Ngati funso lanu ndi la ma antibody, chakudyacho chiyenera kuyamba chavekedwa seramu kapena IgG (mtundu wa antibody) kwa mphindi 30 pa madigiri 37, kenako kutsukidwa. Macrophage amameza msanga chinthu chovekedwa chonchi, monga mmene nsima imatsikira ikakhala ndi ndiwo. Seramu yotenthetsedwa pa madigiri 56 kwa mphindi 30 imakhala itataya mphamvu ya complement (mapuloteni ena a mu seramu othandizanso kumeza), ndiye mukayerekeza yotenthetsa ndi yosatenthetsa mumadziwa mbali imene ikugwira ntchito.

Jambulani mbale papepala musanagwire pipette

Pa chinthu chilichonse chimene mukuyeza ikani timaenje titatu. Kuwonjezera apo pakhale ena amene ali ngati mboni, ndipo popanda iwo musayambe.

Oyamba ndi maselo osadyetsedwa. Ma macrophage amawala okha, makamaka kumbali yobiriwira, ndipo a m'mapapo ndiye amanyanya. A munthu wosuta fodya kapena wophikira nkhuni m'khitchini mopanda zenera amabwera atadzaza kale mwaye. Popanda mboni imeneyi simudziwa pamene kuwala kwachibadwa kwathera.

Achiwiri ndi a pa ayisi aja. Pa madigiri 4 selo limatha kugwira mkanda koma silingaumeze. Amenewa akhale pa mbale yawoyawo. Muiike pa ayisi mphindi 20 chakudya chisanafike, ndipo chakudyacho chikhalenso chozizira. Ambiri amathira mikanda kaye kenako n'kumakafuna ayisi, pomwe maselo ameza kale.

Achitatu ndi a cytochalasin D, 5 mpaka 10 µM, yothiridwa mphindi 30 chakudya chisanabwere. Mankhwalawa amaletsa actin, mapuloteni osunthira selo, kulumikizana, ndiye selo limalephera kutambasula milomo yake kuti likute mkanda. Musawatsuke, akhalemo nthawi yonse yodya, chifukwa akachoka selo limatsitsimuka. Poti amasungunulidwa mu DMSO, ikaninso kadzenje ka DMSO yokha pa mlingo womwewo. Ine ndimakhulupirira mboni iyi kuposa ya ayisi, chifukwa maselo amakhala pa madigiri 37 ngati anzawo, ndipo kumatirira kwa pamalo ozizira sikufanana ndendende ndi kwa pamalo ofunda. Koma ayisi ndi wotchipa, ndiye chitani zonse ziwiri.

Kudyetsa

Yambani ndi tinthu 10 pa selo limodzi. Maselo 250,000 afuna mikanda 2,500,000 pa kadzenje. Mukachulutsa, aliyense amakhuta ndipo kusiyana pakati pa wolimba ndi wofooka kumabisika. Ulendo woyamba yesani 5, 10 ndi 20, komanso mphindi 15, 30, 60 ndi 120, musankhe pamene chiwerengero chikukwerabe, chisanafike pothera. Nthawi zambiri pamakhala pakati pa mphindi 30 ndi 60.

Mukathira, zunguzani mbale pa 300 g kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti chakudya chitsikire pa maselo nthawi imodzi, kenako mu incubator. Yatsani wotchi. Nthawi ikakwana, mbale pa ayisi pomwepo, ndipo mutsuke katatu ndi PBS yozizira, mothira cham'mbali mwa kadzenje. Kuyambira pano zonse zikhale zozizira ndi zophimbidwa ku kuwala.

Kuwanyamula osawapha

Ma macrophage amagwira pulasitiki ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Thirani PBS yozizira ya EDTA ya 5 mM, dikirani mphindi 10 mpaka 15 pa ayisi, kenako muwakankhe ndi madzi a mu pipette modekha. Yang'anani pa maikulosikopu ngati achokadi. Okakamira kwambiri nthawi zambiri ndi omwe adya kwambiri, ndiye mukawasiya m'mbale mwataya nkhani yonse. Accutase imathandiza akakanitsitsa. Trypsin imadula zizindikiro zina za pakhungu la selo, ndipo kupala ndi kachipangizo kopalira kumapha ambiri. Sefani pa kasefa ka 40 µm kuti zibuma zisakatseke makina. Mwini makina sadzakuitananinso mukamutsekera kawiri.

Ngati mukufuna kupaka zizindikiro za pakhungu la selo monga CD14, CD11b kapena HLA-DR, yambani mwatseka ma Fc receptor (malo amene selo limagwirira ma antibody) kwa mphindi 10, apo ayi antibody iliyonse imangogwira. Ikaninso utoto wosonyeza maselo akufa, chifukwa selo lakufa limamata chilichonse.

Kuzimitsa zakunja

Ngati makina ali pafupi ndipo chakudya ndi cha FITC, gwiritsani ntchito trypan blue. Siilowa m'selo lamoyo, koma imazimitsa kuwala kwa FITC kulikonse kumene yakhudza. Ya m'botolo imakhala 0.4%, thirani kuti m'chubu ifike pakati pa 0.04% ndi 0.2%, chubu chimodzichimodzi, pamene mwatsala pang'ono kuchiika pa makina. Musatsuke, chifukwa ikachoka kuwala kumabwerera. Muwerenge pasanathe mphindi zochepa. Umboni woti yagwira ntchito ndi chubu cha pa ayisi: chiwerengeni musanathire ndiponso mutathira, kuwala kuyenera kugwa kufika pafupi ndi kwa osadyetsedwa. Kukapanda kugwa, onjezerani mlingo. Kumbukiraninso kuti trypan blue ikagwira mapuloteni imawala mofiira, ndiye imasokoneza utoto wofiira ngati APC ndi PerCP.

Cholakwa chimene ndachiona kawirikawiri ndi ichi: munthu amaumitsa maselo ndi paraformaldehyde kuti akawerenge mawa, kenako n'kuthira trypan blue. Selo loumitsidwa ndi lakufa, utoto umalowa mpaka m'kati, n'kuzimitsa zonse, zomezedwa ndi zomatirira zomwe.

Nanga ngati makina ali ku Blantyre ndipo inu muli ku Thyolo? Ulendo wodutsa pa Bvumbwe kukafika ku Limbe si wautali, koma kuphatikiza kudikira galimoto ndi mzere wa pa makina, maselo amoyo amafika atatopa. Njira yake ndi kupaka zakunja utoto wachiwiri musananyamuke. Tengani mikanda yobiriwira yokhala ndi biotin pamwamba. Mukatha kudyetsa ndi kutsuka, thirani streptavidin ya APC, puloteni yogwira biotin, pa ayisi kwa mphindi 20. Imagwira mikanda yakunja yokha, poti yam'kati siingaifikire. Tsukani bwino, ndipo tsopano umitsani ndi paraformaldehyde ya 2% kwa mphindi 15, tsukaninso, kulungani machubu ndi foyilo, muwaike mu bokosi lozizira koma asakhudzane ndi ayisi woumitsitsa, angaundane. Awerengedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Selo lobiriwira lokha lameza zonse. Lobiriwira ndi lofiira pamodzi lili ndi china kunja, ngakhale likhoza kukhala litamezanso zina.

Ofufuza za malungo zawo n'zosavutirapo pa mbali iyi. Chakudya chikakhala maselo ofiira a tizilombo opakidwa utoto, osamezedwa amaphulitsidwa ndi ammonium chloride, kutsala okhawo ali m'mimba.

Pa makina

Yatsani msanga kuti laser ifunde, muyendetse mikanda yoyesera makina monga mwa masiku onse. Chubu choyamba chikhale cha osadyetsedwa. Ma macrophage ndi akuluakulu, choncho, ngati makina anu amalola, tsitsani mphamvu ya FSC ndi SSC (zoyezera kukula kwa selo ndi kuchuluka kwa zam'kati mwake) mpaka gulu lonse lioneke m'chithunzi. Dziwani kuti selo lomeza mikanda limakwera pa SSC. Mpanda umene mujambule pa chithunzi posankha maselo ukhale wotakasuka cham'mwamba, apo ayi mudzadula akatswiri enieni a kudya. Yendetsaninso chubu cha mikanda yokha kuti mudziwe pamene imagwera n'kuisiya kunja kwa mpanda.

Kenako chotsani maselo ophatikana poyerekeza FSC-A ndi FSC-H ngati makina anu ali nazo, chotsani akufa, ndipo ngati munapaka zizindikiro sankhani ma macrophage okha. Mukagwiritsa ntchito mitundu iwiri kapena kuposa, chitani compensation, kuchotsera kuwala kotayikira mu mtundu wina, ndi chubu cha mtundu umodziumodzi. Mikanda imawala kwambiri moti imatayikira m'njira za mitundu ina, ndiye chubu chake cha compensation chikhale cha mikanda yomweyo, osati cha antibody ya FITC. Mzere wolekanitsa odya ndi osadya uikeni pa osadyetsedwa, pomwe ochepera 1% ndiwo akudutsa, ndipo ukatero usasunthenso pa machubu ena onse. Sonkhanitsani maselo amoyo osachepera 10,000 pa chubu, pa liwiro lotsika kapena lapakati.

Manambala

Mutulutse ziwiri: maselo angati pa 100 alionse amene adya, ndi kuwala kwapakati kwa odyawo, median (nambala ya pakatikati) osati mean (avereji), chifukwa maselo ochepa osusuka amakoka mean. Ziwirizi zimanena zinthu zosiyana. Mankhwala ena amachepetsa chiwerengero cha odya, ena amasiya onse akudya koma aliyense pang'ono. Ena amachulukitsa ziwirizi n'kutcha phagocytic index. Si kulakwa, koma lembani mmene mwawerengera chifukwa ma labu samatanthauza chimodzimodzi, ndipo muonetsenso manambala awiri oyambawo.

Tiyerekeze kuti pa madigiri 37 mwapeza 60%, pa cytochalasin D 8%, pa ayisi 5%. Pamenepo mukhoza kunena molimba mtima kuti ambiri ameza. Koma mukapeza 60% ndi 45%, musangochotsera n'kulemba 15. Bwererani: mwina simunatsuke mokwanira, mwina mikanda inali m'zibuma, mwina kuzimitsa sikunagwire.

Timaenje titatu ta munthu mmodzi si anthu atatu. Ma macrophage a anthu awiri athanzi amatha kusiyana kwambiri, choncho bwerezani ndi magazi a anthu osiyana, osachepera atatu, kapena ngati ndi THP-1, pa masiku osiyana. Kuwala kwapakati kwa lero musakuyerekeze ndi kwa mwezi watha pokhapokha ngati makina anali pa mlingo womwewo ndipo mikanda inachokera m'botolo lomwelo.

Pa chubu chilichonse chofunika siyani dontho limodzi. Liikeni pa galasi, mulione pa maikulosikopu ya fluorescence, mukweze ndi kutsitsa pang'onopang'ono: mkanda womezedwa umaoneka bwino pa msinkhu umodzi ndi pakati pa selo, womatirira umakhala m'mphepete kapena pamwamba. Werengani maselo 100 ndi diso monga ankachitira Metchnikoff, mulembe nambalayo m'kope pambali pa ya makina, pamodzi ndi nambala ya botolo la mikanda, tsiku limene maselo anadzalidwa, ndi maola amene magetsi anazima sabata imeneyo.